Mafuta a M'mafupa a Bambo Aghahowa

Uwaila anali makaniko, ndipo madalaivala a minibasi a ku Uselu konse ankadziwa kuti giyabokosi ikayamba kulira, woithetsa ndi mtsikana wamtali wa pagalaja ya amayi okhaokha ya kuseri kwa msika. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pakamwa pakuthwa, mikono yolimba. Choncho tsiku limene bawuti wamba wa tayala anamukanika, mpaka anakhala pansi pa dothi lofiira lija n'kumapuma wefuwefu, anzake anayamba n'kuseka.

"Aka n'kamimba aka," anatero Isoken, mnzake wa pa ntchito. "Tiuze msanga tiyambe kugula matewera."

"Mimba ya ndani? Ya sipanala?" anayankha Uwaila, koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

Sabata zotsatira zinathetsa nthabwala. Akatsuka mano, mswachi unkatuluka uli psuu. M'miyendo munabuka mikwingwirima popanda chomugunda. Anamwa mankhwala a malungo kawiri, koma thupi linangopitirira kutuwa. Amayi ake, Mayi Imuetinyan, amene ankagulitsa nsalu pa msika wa Oba, anatseka sitolo tsiku lina m'mawa n'kumukokera ku chipatala chachikulu. Kumeneko anamutenga magazi, kenako anamubaya jakisoni wamkulu pa fupa la m'chiuno.

Amene anawauza zotsatira anali Dokotala Okungbowa, mayi wamfupi wa imvi, wosazungulira polankhula.

"Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa," anatero. "Ako asiya ntchito. Chitetezo cha thupi lako chomwe ndicho chawaukira. Matendawa timawatcha apulasitiki anemiya. Si khansa, koma ukapanda kuthandizidwa amapha."

"Ndiye kuti thanki ilibe vuto, chafa ndi pampu," anatero Uwaila.

"Wamva bwino kuposa ophunzira anga ena."

Kwa miyezi isanu ndi itatu Uwaila anakhalira magazi a anthu ena. Dokotala analetsa achibale kupereka, ati zingadzasokoneze chithandizo cha m'tsogolo, choncho ankapereka ndi atsikana a pagalaja ndi madalaivala. Dalaivala wina ankalengeza pa siteji kuti Uwaila akadzachira azidzamukonzera mabuleki mwaulemu, poti tsopano ndi abale. M'chipinda chothirira magazi ndi mmene Uwaila anadziwana ndi Aphunzitsi Akpobome, bambo wa ku Warri wa matenda omwewo, amene ankabwera ndi makope a ana asukulu n'kumachonga ndi dzanja limodzi diripi ili kudzanja linalo.

Magazi obwereka sakhalitsa. Poyamba ankamusunga sabata zitatu, kenako ziwiri, kenako masiku khumi. Ndi pamene Dokotala Okungbowa anamuitana pamodzi ndi amayi ake, n'kuika patebulo chikalata cha masamba khumi ndi asanu ndi limodzi.

"Chithandizo chenicheni ndi kuika mafuta a m'mafupa a munthu wina," anafotokoza. "Muli timbewu timene timabala magazi onse. Kale tinkafuna m'bale wa bere limodzi wogwirizana nawe kotheratu, ndipo iwe ulibe. Koma pano tili pa kafukufuku woona ngati wogwirizana nawe theka lokha angakwanire. Kumayiko ena zikuyenda bwino. Kwathu kuno, ndi malungo athu ndi tizilombo tathu, sitikudziwa. N'chifukwa chake ndi kafukufuku. Ukalowa, udzakhala wachisanu ndi chinayi."

Uwaila anawerenga tsamba lililonse, chala chili pa mzere, monga amawerengera buku la injini yachilendo. Anafunsa za tsitsi, za kusanza, za masiku okhala m'chipinda chotsekedwa. Anafunsanso za imfa. Dokotala anayankha kuti mwa anthu khumi, mmodzi kapena awiri atha kumwalira ndi chithandizocho, ndipo kuti ali ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse mankhwala amphamvu asanayambe.

"Nanga apa alemba kuti mwina sadzabereka?" anafunsa Mayi Imuetinyan. "Adokotala, ndili ndi mwana mmodzi yekhayu."

"Amayi," anatero Uwaila, "kodi kumanda ndikakuberekerani zidzukulu zingati? Bweretsani cholembera."

Kholo lililonse limagwirizana theka ndi mwana wake, choncho amayi ake anapinda mkono wa bulauzi pomwepo. Koma atawayeza, anawapeza ndi shuga wokwera ndi mtima wofooka, ndipo dokotala anakana kuwagoneka pa tebulo la opaleshoni. Anatsala munthu mmodzi, amene dzina lake silinkatchulidwa m'nyumba mwawo.

Bambo Aghahowa, mwamuna wakale wa Mayi Imuetinyan, anali wosula mkuwa wa mu msewu wa Igun, monga bambo awo ndi agogo awo. Uwaila ali ndi zaka zinayi, mlongo wawo wa bambowo anawanong'oneza kuti mwanayo si wawo, ndi wa mng'ono wawo amene ankakhala nawo nyumba imodzi. Mng'onoyo analumbira, Mayi Imuetinyan analumbira pamaso pa akuluakulu a banja, koma Bambo Aghahowa anali atatseka makutu. Anatulutsa katundu wa mkazi wawo panja mvula ikugwa. Mng'ono wawo uja anamwalira patapita zaka zochepa asanayanjane. Bambo Aghahowa anakwatira wina n'kubereka ana aamuna awiri, amene tsopano anali ku Italy opanda mapepala, osatha kubwerera.

"Ndipita ndine," anatero Mayi Imuetinyan. "Ndikagwada, ndikagubuduka pansi ngati n'kofunika."

"Inu simugwadira munthu ameneyo kachiwiri. Wodwala ndine."

Anakwera keke, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, Loweruka masana, atavala kansalu kotchinga pakamwa ndi pamphuno. Anadutsa m'sitolo yodzaza mitu ya mafumu ndi akambuku a mkuwa, n'kutulukira kuseri kumene kunali ng'anjo. Anapeza Bambo Aghahowa atakhala pa kampando, akumata phula pa mutu wa dongo ndi kampeni kotentha. Anali munthu wamtali, wa mapewa otambalala, ndipo Uwaila anaona zala zake zomwe pa manja a munthu wina. Anapinda bondo pang'ono chabe, osafika pansi.

"Mwaswera bwanji, Bambo Aghahowa?"

Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe mwana wa Imuetinyan."

"Ndine amene. Sindinabwere kudzafuna dzina, kapena malo, kapena chipepeso. Ndabwera kudzapempha mafuta a m'mafupa anu."

"Mafuta a chiyani?"

Anawafotokozera zonse mwadongosolo, ataimirira. Adzawagoneka ndi mankhwala, adzapopa pa mafupa a m'chiuno, adzamva kuwawa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo thupi lidzabwezeretsa lokha zimene zachotsedwa. Ali mkati molankhula, kutentha kwa ng'anjo kunamuyambitsa kamfuno. Magazi anadontha pa kansalu kaja mpaka pa bulauzi. Bambo Aghahowa anadzambatuka n'kumupatsa nsanza imene ankapukutira manja.

"Ayi, nsanza imeneyo ikhoza kundipha," anatero Uwaila, akutulutsa thonje m'chikwama. Anatsina mphuno n'kukhala pa njerwa. Magazi anatenga pafupifupi theka la ola kuti aleke, ndipo nthawi yonseyo bambowo anangoti chilili, phula likuuma pa mpeni.

"Ndiye akandiyeza, adzadziwa," anatero pomaliza, motsitsa mawu.

"Adzadziwa ngati mungandithandize. Zinazo ndi zanu."

"Ndipo tikapanda kugwirizana?"

"Mubwerera ku phula lanu, ine ndikafuna kwina."

Lachiwiri bambowo anabweradi, atavala mkanjo woyera ngati akupita ku mwambo. Anawatenga magazi, anawayeza mtima, chiwindi ndi mapapo. Zotsatira zinabwera patatha sabata zitatu, ndipo Dokotala Okungbowa anawaitana onse awiri.

"Mukugwirizana theka, ndipo thupi lanu ndi lolimba, Bambo. Mukhoza kupereka."

Bambo Aghahowa anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Ndiye kuti ndi mwana wanga?"

"Funso limenelo sitinawafunse magaziwa. Kholo limagwirizana theka ndi mwana, n'zoona. Koma m'bale wa kholo nayenso akhoza kugwirizana naye theka. Kuyeza kumene mukufunako kulipo, koma si kwa kafukufukuyu, ndipo sindingakuchite mwini wake asanalole."

Bambowo anatembenukira kwa Uwaila. "Lola ayeze. Ndidziwe, kenako ndipereka ndi mtima umodzi."

"Sindilola."

"Ukuti chiyani?"

"Amayi anga sayezedwa ngati mbuzi ya pamsika. Anakuuzani kale, ndipo ine mawu awo anandikwanira kuyambira ndili mwana. Mukafuna kupereka, perekani muli m'chikayiko chanucho. Mukapanda kufuna, nenani lero tisatayitsane nthawi."

Bambo Aghahowa anaimirira, anakonza mkanjo paphewa, n'kutuluka. Dokotala anavula magalasi n'kumuyang'ana Uwaila.

"Ukudziwa kuti palibenso wina?"

"Ndikudziwa, Adokotala."

Kunyumba kunali nkhondo. Mayi Imuetinyan anamenya tebulo mpaka mbale ya gari, ufa wa chinangwa wokazinga, inagwa. "Ulemu wangawo ndiudya? Ndiuveka nsalu? Alole ayeze kakhumi ngati akufuna! Ine ndikufuna mwana wamoyo!"

"Akabwera chifukwa cha pepala, ndiye kuti zaka zonsezi wolakwa munali inu, mpaka pepala linakumasulani. Ine magazi otero sindiwafuna m'thupi mwanga."

"Uli ndi mutu ngati mwala, mwana iwe."

"Adzabwera, Amayi. Ndinaona nkhope yawo tsiku la kamfuno lija."

Ankalankhula motsimikiza, koma sabata inatha, ina n'kuyamba, kuli zii. Kenako kunabwera uthenga wina. Aphunzitsi Akpobome, amene anali wachisanu ndi chiwiri pa kafukufuku ndipo anali atalandira mafuta a m'mafupa a mwana wawo wamkazi, anamwalira pa tsiku la makumi awiri ndi chimodzi. Nkhungu, yonga imene imamera pa chakudya chovunda, inalowa m'mapapo mwawo chitetezo chatsopano chisanadzuke. Komiti yoyang'anira kafukufuku inaimitsa zonse kuti ifufuze.

Uwaila anamva nkhaniyi ali pa mpando wothirira magazi, moyang'anizana ndi mpando umene aphunzitsi ankakonda. Sanalire pomwepo. Anapempha namwino nambala ya mkazi wawo, ndipo atamuimbira, analira onse awiri pa foni mpaka thumba la magazi linatha.

Patapita sabata zinayi komiti inalola kuti kafukufuku apitirire, koma atasintha zina. Mankhwala oteteza ku nkhungu azidzayamba msanga, ndipo zosefera mpweya za m'zipinda zinasinthidwa zonse. Aliyense amene anali asanalandire chithandizo anayenera kuuzidwa zimene zachitika n'kusainanso, pamodzi ndi wopereka wake. Namwino wa kafukufuku anaimbira onse, monga mwa lamulo.

Uwaila ndi amayi ake atafika m'mawa wa tsikulo, anapeza Bambo Aghahowa atakhala kale pa benchi, chipewa chili pa bondo. Mayi Imuetinyan anaima ngati aponda minga. Kenako anakhala kumapeto ena a benchi, n'kuyang'ana khoma.

M'chipinda, dokotala anafotokoza imfa ya aphunzitsi popanda kubisa. Amene anafunsa mafunso ambiri anali Bambo Aghahowa. Anafuna kudziwa ngati wopereka uja analakwitsa china, ngati msinkhu wawo wa zaka makumi asanu ndi zinayi ungamuvulaze wodwala, ndi zimene ayenera kudya kuti mafutawo akhale abwino.

"Siyani mowa ndi utsi wa ng'anjo kwa sabata ziwiri," anatero dokotala. "Zinazo idyani monga mwa nthawi zonse. Uwaila, nanga iwe? Ukhoza kukana, ndipo tipitiriza kukusamala chimodzimodzi."

"Aphunzitsi anadziwa zimene ankasaina. Nanenso ndikudziwa. Ndipatseni."

Anasaina, n'kukankhira cholembera kwa bambowo. Iwo analemba dzina lawo pang'onopang'ono, zilembo zazikulu. Ali pa khonde anamuyandikira.

"Usaganize kuti wandigonjetsa. Ndangoona kuti mutu woumawu ndikudziwa kumene unachokera."

"Kwa amayi," anatero Uwaila.

Anamulowetsa m'chipinda chotsekedwa mwezi wa Januwale, fumbi la hamatani, mphepo youma yochokera kuchipululu, litaphimba mzinda. Chinali chipinda chaching'ono cha zenera limodzi lalikulu loyang'ana pa khonde. Olowamo ankavala zotchinga kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kwa masiku asanu ndi anayi anamuthira mankhwala opha chitetezo chake chakale, ndipo tsiku lomaliza anamugoneka pa makina owotcha ndi cheza chosaoneka. Anasanza mpaka nthiti zinawawa. Chakudya chinali chowiritsa kawiri, chopanda tsabola ngakhale kambewu kamodzi, ndipo ankauza anamwino kuti akafa, alembe kuti chamupha ndi mpunga wozizirawo.

Tsiku lenileni, Bambo Aghahowa analowa m'chipinda cha opaleshoni m'mamawa. Chakumasana namwino anabwera atanyamula thumba lofiira ndi manja awiri, n'kulipachika pa chitsulo cha diripi. Dokotala Okungbowa anawerenga maina mokweza, namwino anabwereza, n'kutsegula kampopi.

"Basi?" anafunsa Uwaila. "Ine ndimayesa mundisegula."

"Basi. Timbewuto timadziwa tokha njira ya kumafupa."

Thumbalo linatenga maola anayi. Lisanathe, anaona pazenera namwino akukankha njinga ya odwala. Munali Bambo Aghahowa, nkhope ili mbuu, atakhala chopendekeka. Anatenga foni ya pakhoma yolankhulira ndi wa m'kati.

"Unandinamiza iwe. Unati kuwawa pang'ono. Ngati ng'ombe yandiponda kawiri."

"Ndinati sabata imodzi kapena ziwiri. Lero ndi tsiku loyamba. Limbani mtima."

Iwo anayang'ana thumba lija likutsika dontho ndi dontho, osachotsapo maso. Chakumapeto kwa zenera kunaima Mayi Imuetinyan, manja ali pachifuwa, milomo ikuyenda ndi pemphero.

Masiku otsatira ndiwo anali ovuta. Pa tsiku lachitatu ndi lachinayi anamuthiranso mankhwala amphamvu, oti aphe asilikali a m'magazi a bambowo amene akanaukira thupi lake. Tsitsi linatsala pa pilo. M'kamwa munabuka zilonda mpaka malovu omwe ankawawa kumeza. M'mawa uliwonse namwino ankalemba pa bolodi kuchuluka kwa maselo oyera a m'magazi, ndipo m'mawa uliwonse nambala inali ziro. Pa tsiku lakhumi ndi chimodzi thupi linatentha, mano akugundana, bedi likugwedezeka. Madokotala anadzaza m'chipinda. Apo Uwaila anachita mantha enieni, ndipo anagwira dzanja la Dokotala Okungbowa.

"Adokotala, ndi zija za aphunzitsi?"

"Ayi. Mapapo ako tawajambula, ali bwino. Ndi tizilombo ta m'magazi, ndipo tikutidziwa dzina. Mankhwala alowa kale. Gwira masiku atatu."

Anagwira. Kutentha kunatsika pa tsiku lachitatu lomwelo, n'kumusiya wofooka ngati nsalu yonyowa. Isoken ankabwera masana ndi foni, n'kumuonetsa pazenera kanema wa injini imene inawakanika onse pagalaja. Uwaila, posatha kulankhula ndi zilonda zija, analemba pa pepala kuti ayang'ane waya wa pansi pa batire, n'kuwonjezera kuti onse ndi zitsiru.

Tsiku lina masana anadzuka n'kuona amayi ake ndi Bambo Aghahowa atakhala pa benchi ya pakhonde, pakati pawo pali malo a anthu awiri. Bambowo ankalankhula atayang'ana pansi, akuzunguza chipewa m'manja. Analankhula nthawi yaitali. Amayi ake sanatembenuke. Galasi linali lochindikala, ndipo Uwaila sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Madzulo ake anawafunsa pa foni ya pakhoma.

"Amati chiyani?"

"Amapepesa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati ndamva."

"Basi?"

"Unkafuna ndivine? Zaka makumi awiri ndi zitatu sizitha pa benchi ya chipatala. Imwa phala lako."

Pa tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chitatu namwino analowa akuyenda mothamanga, n'kufufuta ziro uja. Analemba mazana awiri. Mawa lake, mazana anayi. Mkuja, mazana asanu ndi awiri. Dokotala Okungbowa, amene sankaseka wamba, anaima pakhomo maso akuwala pamwamba pa chotchinga chake.

"Zamera," anatero.

Mayi Imuetinyan anagwada pa khonde pomwepo n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi, mpaka namwino wamkulu anabwera kudzawakumbutsa kuti muli odwala ena. Kenako namwinoyo anawathandiza kumaliza ndime.

Uwaila anatuluka pa tsiku la makumi atatu ndi chisanu ndi chimodzi, wadazi, wowonda, atanyamula thumba la mapiritsi lodzaza ngati la wamalonda. Sizinayende mosalala. Mwezi wachiwiri khungu la m'manja ndi pamsana linatuluka totupa toyabwa, chizindikiro choti chitetezo chatsopano chikulimbana ndi thupi lake, ndipo anamwa mankhwala otupitsa nkhope kwa sabata zisanu ndi imodzi. Mwezi wachinayi anagonekedwanso masiku asanu ndi malungo. Koma kuyambira tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi, sanalandirenso dontho la magazi a munthu wina.

Kafukufuku ankafuna magazi ake kawirikawiri, ndipo ankapita mosajomba, nthawi zina n'kukalipira anamwino akachedwa kulemba. Pa tsiku la zana limodzi dokotala anamuonetsa pepala. Magazi onse a m'thupi mwake anali ochokera ku timbewu ta wopereka. Ngakhale gulu la magazi ake linali likusintha, ndipo woyeza wosadziwa akanati ndi magazi a mwamuna.

"Ndiye ndevu zimera liti?" anafunsa Isoken atamva. "Tikugulire lezala?"

"Gula, ndikumete nayo lilime."

Anabwerera kugalaja mwezi wakhumi, atavala magolovesi ndi chotchinga pamphuno. Dokotala analetsa petulo ndi utoto wopopera, choncho anatenga ntchito ya mawaya ndi makina oyezera injini, imene ena onse ankaithawa. Za kubereka palibe amene akanamuuza motsimikiza, ndipo iye anati adzaziona zikadzafika. Bambo Aghahowa anayamba kubweretsa galimoto yawo yakale mwezi uliwonse, nthawi zina ilibe vuto lililonse. Ankakhala pa tayala, n'kudya nthochi zootcha ndi mtedza, n'kumatsutsana naye za chilichonse. Uwaila ankawatchabe Bambo Aghahowa. Kunyumba kwa Mayi Imuetinyan anafikako kamodzi, ndi zilazi ndi mbuzi. Mayiwo analandira zilazi, mbuzi anaibweza.

Chaka chitatha, Dokotala Okungbowa anasonkhanitsa onse a m'kafukufuku ndi mabanja awo kuti awauze mmene zayendera, asanakauze madokotala anzake. Anthu khumi ndi anayi anali atalandira chithandizo. Khumi ndi mmodzi anali moyo, osafunanso magazi. Mmodzi thupi lake linakana, ndipo ankakonzekera kuyesanso. Awiri anamwalira. Anatchula maina awo, ndipo onse anaimirira. Mkazi wa Aphunzitsi Akpobome anali atabwera kuchokera ku Warri. Anamugwira Uwaila masaya ndi manja awiri, n'kumuyang'anitsitsa.

"Wanenepa," anatero. "Akanakondwa. Ankati iwe ndiwe wophunzira wovuta amene amakhoza mayeso."

Chomaliza pa ndondomeko chinali chimene Uwaila sanachiyembekezere. Chitetezo chake chinali chatsopano, chosadziwa kafumbata, chifuwa chokoka mtima, kapena poliyo. Anayenera kubayidwanso katemera yense wa ana, kuyambira pachiyambi. Dokotala anamulembera kalata ya kusikelo.

Anapita Lachitatu m'mawa ndi amayi ake. Pa mabenchi panali podzaza amayi oyamwitsa, makanda akulira mopikisana. Anakhala pa mzere pakati pa mayi wa mapasa ndi mayi wa kamwana kodya chibakera chake. Nthawi yawo itakwana, namwino wa pasikelo, mayi wonenepa wa mawu aakulu, anawayang'ana kumsana, kenako m'manja.

"Mwana ali kuti? Mwamusiya kunyumba n'kubwera ndi khadi lokha? Amayi a masiku ano!"

"Mwana ndi uyu," anatero Mayi Imuetinyan, akuloza Uwaila amene anawapitirira msinkhu ndi mutu wonse.

Namwino anawerenga kalata ya dokotala kawiri. Kenako anatsitsa magalasi, n'kuitana mnzake wa chipinda china kuti adzaone. Amayi a pamzere anayamba kusuzumira.

"Ndiye timupachike pa sikelo?"

"Mukathyola mbedza musandilipiritse," anatero Uwaila, akupinda mkono wa malaya.

"Amayamwa bwino?" namwino anafunsa Mayi Imuetinyan, akukoka mankhwala m'kabotolo.

"Amadya ngati anthu atatu. Vuto ndi pakamwa."

Jakisoni woyamba analowa kudzanja lamanja, wachiwiri kumanzere. Mapasa aja anayang'ana munthu wamkuluyo akubayidwa, ndipo mmodzi anayamba kulira m'malo mwake. Namwino analemba tsiku lobweranso pa khadi, n'kulipereka kwa Mayi Imuetinyan.

"Pakatha sabata zinayi. Akatentha thupi, m'patseni panado. Wotsatira!"

Anatuluka dzuwa litakwera. Pa geti Mayi Imuetinyan anatsegula chikwama chawo, anaika khadi lija m'kathumba ka m'kati, n'kutseka zipi. Uwaila anatambasula dzanja kuti alitenge.

"Khadi la mwana amasunga ndi mayi," anatero. "Imitsa keke, ine ndachedwa kumsika."